Mafuta ananunkhira bwino ku Kamwala, kufika kunyumba asanduka ena: vuto lili pati?

Hafu lita yanga yoyamba ya mafuta a pefyumu ndinaigula ndi mphuno yotopa. Unali mwezi wa Okutobala, m'shopu ina ku Kamwala, mu Lusaka, muli anthu thithithi, thukuta lili kamukamu, ndipo mnyamata wogulitsa ananditsegulira mabotolo oposa 10 motsatizana, ine n'kumangogunditsa mphuno pa chitsekerero chilichonse. Lina la kumapeto linandigwira mtima. Linkamveka ngati lalanje losendedwa kumene, pansi pake pali kutsekemera kwina kofewa. Ndinalipira, ndinakwera basi ya ku Chilenje, Loweruka ndinathira m'timabotolo ta roll-on, Lamlungu ndinagulitsa kwa azimayi a ku tchalitchi. Lachitatu lisanafike amayi ena aakulu anandiimbira foni.

"Mwana wanga, mafuta aja ndikadzola pochoka pakhomo, pofika pokwerera basi athawa kale. Chotsala ndi fungo la sopo wochapira."

Ndinapsa mtima ndi wogulitsa uja kwa mwezi wathunthu. Koma m'botolo munali chimodzimodzi chimene ndinanunkhiza tsiku lija. Kungoti ine ndinamva mphindi imodzi yokha ya fungo limene limayenda maola ambiri, ndipo ndinaimva ndi mphuno imene inali itamenyedwa kale ndi mabotolo ena 10. Dandaulo limeneli ndimalimva kawirikawiri kwa anzanga amene ayamba kumene kupanga pefyumu, ndipo pafupifupi nthawi zonse limayambira pa kanunkhizidwe. Ogulitsa achinyengo alipo ndithu, tidzafika kwa iwo, koma musanakwere basi kukakalipa, yambani mwafufuza zimene zili m'manja mwanu.

"Pa botolo linali lamphamvu, pa thupi palibe"

Pakamwa pa botolo pamasonkhana tizigawo ta fungo timene timauluka msanga kuposa tonse: za mandimu, za lalanje, za zipatso, za timbewu tonunkhira. Mafuta amene timagula si chinthu chimodzi, ndi msanganizo wa zinthu makumi angapo, ndipo chilichonse chili ndi liwiro lake. Zopepuka zimathamangira kumwamba n'kudzaza kampata kamene kali pakati pa mafuta ndi chitsekerero. Zolemera, monga musk, vanila, patchouli ndi sandalwood, zimakhala phee pansi. Ndiye mukanunkhiza pa botolo mumalonjeredwa ndi ana othamanga, akuluakulu a pakhomo musanawaone. Kasitomala wanu adzakhala ndi akuluakuluwo tsiku lonse.

Chinanso, mafuta osasungunula ndi okali mopitirira. Zinthu zina zimasintha nkhope malinga ndi kuchuluka kwake. Indole, imene imapezeka m'maluwa a jasmine, ikakhala yambiri imanunkha ngati mankhwala othamangitsira njenjete m'sutikesi, mwinanso ngati khola, koma ikachepa ndiyo imapatsa duwa moyo. Mafuta abwino mukhoza kuwakana chifukwa cha ukali wa pa botolo, ndipo opanda pake mukhoza kuwagula pa chifukwa chomwecho.

Mankhwala ake ndi kusungunula. Anthu a ntchitoyi amayesera mafuta pa 10 peresenti: galamu 1 ya mafuta, magalamu 9 a ethanol, imene ndi mowa woyengedwa kwambiri. Ngati kasampulo n'kochepa, 0.5 ndi 4.5 zikwanira. Mafuta ena okali kwambiri amafuna kutsitsidwa mpaka pa 1 peresenti: tengani galamu 1 ya osungunula kale aja, thirani magalamu 9 ena a ethanol. Apa pakufunika sikelo yaing'ono yowerenga mpaka 0.01 ya galamu, ngati imene amagwiritsa ntchito ogula miyala ya mtengo wapatali. Kuwerenga madontho ndinakusiya kalekale. Dontho la mafuta olimba ngati uchi silingafanane ndi dontho la mafuta a mandimu amene amayenda ngati madzi, ndipo dontho la mu Juni, kukuzizira, silifanana ndi la mu Okutobala. Mukayerekeza mafuta awiri ndi madontho, mwina mukuyerekeza 8 peresenti ndi 13 osadziwa, kenaka n'kumati awa ndi amphamvu kuposa awa.

Za ethanol ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa apa ndi pamene ambiri timafuna kudulira njira. Yofunika ndi ya 95 kapena 96 peresenti, yopanda fungo lina. Spiriti yofiirira ija yogulitsidwa m'timabotolo, ya methylated, musaiyandikize n'komwe: anaithira dala zinthu zonunkha ndi zowawa, ndipo kawirikawiri muli methanol, amene ndi poizoni. Kachasu nayenso ayi. Mlongo wanga wina anandiuza kuti "mowa ndi mowa basi", koma kachasu ali ndi madzi ambiri ndi fungo lake la gaga wowola, ndipo pefyumu yanu idzanunkha ngati kuseri kwa shabini. Ngati ethanol yasowa, yeserani mu DPG (dipropylene glycol, chamadzimadzi chopanda fungo chosungunulira mafuta a pefyumu) kapena m'mafuta a kokonati opyapyala aja opanda fungo amene timathira m'ma roll-on, pokumbukira kuti zimenezi zimagwira fungo kuti lisauluke msanga. Chachikulu n'choti mafuta onse amene mukuwayerekeza akhale m'chosungunulira chimodzi. Ndipo malaiti akathima musapitirize ntchitoyi pa kandulo kapena pafupi ndi mbaula. Ethanol imayaka ndi lawi lovuta kuliona.

Pepala, pensulo ndi wotchi

Mukasungunula musathamangire pa khungu. Khungu muli nalo lochepa, ndipo mukadzola kamodzi fungo silichoka mpaka mawa. Yambani ndi pepala. Timapepala tenitenito timagulitsidwa, koma mukhoza kudula nokha pa pepala lolimba loyera lojambulapo zithunzi, sentimita 1 m'lifupi, masentimita 12 kapena 15 m'litali. Nyuzipepala ili ndi fungo la inki, lisiti ya m'shopu ili ndi mankhwala, tishu zambiri anazithira kale pefyumu. Lembani dzina la mafuta ndi nthawi ndi pensulo, chifukwa inki ya bolopeni imasungunuka ndi ethanol. Viikani nsonga yokha, sentimita imodzi basi, pindani pang'ono kuti isagunde tebulo, kapena muipane ndi pegi yoyanikira zovala. Dikirani theka la mphindi kuti ethanol iuluke, apo ayi idzakuwotchani m'mphuno n'kukuwonongerani zonse zotsatira.

Kenaka ndi nkhani ya wotchi. Ine ndimanunkhiza pa mphindi 1, pa mphindi 15, pa ola limodzi, pa maola 4, m'mawa mwake, ndi tsiku lachitatu. Nthawi iliyonse ndimalemba m'kope mizere iwiri: chimene ndikumva, ndi mphamvu yake kuyambira 0 mpaka 5. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi palibe choloweza m'malo mwake. Ogulitsa amalankhula za top, middle ndi base, ndiye kuti fungo lotsogola, lapakati ndi lotsalira. Lotsogola, makamaka la mandimu ndi malalanje, nthawi zambiri silipitirira ola. Lapakati, la maluwa ndi zokometsera monga sinamoni, limakhala maola angapo. Lotsalira limatha kukhala pa pepala masiku. Mafuta anga a ku Kamwala aja ndikanawaika pa pepala, pofika maola 4 ndikanamva ndekha sopo amene amayi aja anamva: lalanje linali litapita, patsala musk woyera, yemweyo amene makampani amathira mu sopo wa ufa. N'chifukwa chake mphuno zathu zikamumva yekha zimaganiza za zochapa.

Kumbukiraninso kumene tikukhala. Lusaka ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka mvula isanagwe mpweya umakhala wouma gwa, mu Okutobala kutentha n'kumapitirira madigiri 30. Fungo limauluka msanga, ndipo khungu louma siligwira mafuta. Mafuta amene anakusangalatsani mu Juni ayeseninso mu Okutobala musanawagule ambiri. Kasitomala wodandaula kuti sakukhalitsa, mufunseni kaye ngati amadzola kanthu pa khungu. Vaseline wopanda fungo, wopaka pang'ono pamalo pamene adzadzole pefyumu, amathandiza.

Pali dandaulo lina lofanana nalo koma gwero lake ndi lina: "Sakumveka patali." Roll-on wa mafuta amakhala pafupi ndi thupi, amamumva ndi amene wakukumbatirani. Wopopera wa ethanol amadzaza chipinda chifukwa ethanol pouluka imanyamula fungo. Mafuta omwewo, makhalidwe awiri. Munthu amene akufuna kuti minibasi yonse itembenuke musamugulitse roll-on.

"Ndikanunkhiza atatu, onse amafanana"

Mphuno imazolowera. Mukalowa m'nyumba mmene akukazinga kapenta, pakhomo fungo limakumenyani, koma pakapita mphindi zochepa simukulimvanso, pamene mlendo wolowa pambuyo panu akulimva lonse. Thupi linapangidwa kuti lizisiya kusamala za fungo limene lakhalitsa n'cholinga choti likhale tcheru ndi latsopano, monga utsi wa moto. Pa ntchito yathu zimenezi zimatanthauza kuti pepala lachisanu ndi chiwiri mumalimva ndi theka la mphuno.

M'mashopu ena amakupatsani kabotolo ka njere za khofi kuti "mutsuke mphuno". Khofi ndi fungo linanso lamphamvu, mukungosenzetsa mphuno katundu wina. Chimene chimandithandiza ndi kutuluka panja mphindi zingapo, kapena kununkhiza mkono wa malaya anga, bola akhale osathira pefyumu. Nunkhizani mofupikitsa, kawiri kapena katatu ngati galu, osati kukoka mpweya wautali mpaka m'mapapo. Pepala likhale patali pang'ono, lisagunde mphuno, chifukwa kadontho kakatsala pa mlomo wa m'mwamba, zonse za tsikulo zidzanunkhira iko. Yambani ndi mafuta opepuka, olemera ngati oud pomalizira. Ndipo pa kukhala kumodzi, asanu kapena asanu ndi limodzi akwana kwa woyamba kumene.

Nthawi yabwino kwa ine ndi m'mamawa, mbaula isanayatsidwe. M'makomboni mwathu pofika 6 koloko madzulo utsi wa malasha umakhala uli ponseponse, ndipo Loweruka m'mawa nyumba zambiri zimanunkhira polishi wa pansi. Tsiku loyesa mafuta sindidzola pefyumu, sindisamba ndi sopo wonunkhira, sindigwira anyezi. Ngati muli ndi chimfine, kapena fumbi la mu Seputembala lakutsekani mphuno, siyani, musagule kanthu sabata imeneyo.

Ena mphuno zawo sizinabwerere bwino chiyambire Covid-19. Kwa iwo pali njira imene madokotala a ku Dresden ku Germany, motsogozedwa ndi Thomas Hummel, anaifalitsa mu 2009: kununkhiza mafungo anayi, la rozi, bulugama, ndimu ndi clove (chokometsera zakudya), kawiri pa tsiku kwa masabata 12. Si onse amene amachira nayo, koma n'njotsika mtengo, ndipo ngakhale kwa munthu wa mphuno yabwino ndi maphunziro abwino oyambira.

"Ine ndikumva, koma alamu akuti ndi madzi"

Tsiku lina ndinapatsa alamu anga pepala la mafuta a musk amene ineyo ndinkawamva ndili pakhomo la chipinda. Ananunkhiza, n'kutembenuza pepalalo, n'kununkhizanso mbali inayo.

"Alamu, apa mwaviika m'madzi kapena mukundiyesa?"

Sankanama. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya tizilandiro ta fungo m'mphuno. Amene anatulukira banja la majini ake ndi Linda Buck ndi Richard Axel, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2004. Majini amenewa amasiyana munthu ndi munthu, kotero aliyense ali ndi mafungo ena amene samawamva kapena amawamva mofooka. Mitundu ya musk ndiyo imatchuka pa zimenezi: wina amamva Galaxolide koma osamva musk wina, mnzake mosemphana. N'chifukwa chake opanga pefyumu amasakaniza ma musk angapo m'botolo limodzi, kuti aliyense agwireko wina. Iso E Super, imene imapezeka m'mapefyumu ambiri aamuna, imakonda kubwera ndi kuzimirira. Ma ionone, a fungo la duwa la violet, amagonetsa mphuno kwakanthawi: mumamva, kenaka zii, patapita mphindi zingapo abweranso.

Kuopsa kwake kuli apa: ngati inuyo simumva chinthu china, mudzachithira chambiri, ndipo kasitomala amene amachimva adzadwala mutu. Choncho mafuta alionse amene akuoneka ofooka kwa inu, apatseni anthu ena atatu musanaweruze. Musawauze dzina lake, musawauze mtengo. Munthu akangomva dzina la pefyumu yotchuka ya ku Paris, mphuno yake imayamba kumva zimene kulibe.

"Ndathira ethanol, zachita mbuu"

Msanganizo wabwino umakhala woyera mbee. Ukachita ngati madzi otsukira mpunga, kapena mafuta akapatukana n'kukhala paokha, zifukwa zimakhala zitatu. Mwina ethanol ili ndi madzi ambiri. Mwina botolo munalitsuka osaliumitsa. Kapena mafutawo anasungunulidwa kale ndi mafuta a mbewu kapena a mineral, amene sagwirizana ndi ethanol. Yesani ethanol yomweyo ndi mafuta ena amene mumawadziwa: akayera, vuto lili m'mafuta atsopanowo. Funsaninso wogulitsa ngati mafutawo ndi a pefyumu yopopera, a roll-on, a makandulo kapena a sopo, chifukwa onse amaikidwa pa shelefu imodzi koma sanapangidwire ntchito imodzi. Mafuta achilengedwe a makoko a zipatso nthawi zina amachita kachifunga pang'ono chifukwa cha phula lake. Amenewo kuwaziziritsa ndi kuwasefa pa pepala losefera khofi kumathetsa nkhani.

Musaweruzenso msanganizo tsiku lomwe mwausakaniza. Tsiku loyamba ethanol imakhala ikulasa. Usiyeni pamdima masabata awiri kapena anayi, mudzapeza m'mbali mwake mwasalala.

"Anali bwino mu Epulo, lero akununkha ngati penti"

Adani ndi atatu: dzuwa, kutentha ndi mpweya. Mafuta a mandimu ndi malalanje ndiwo amayamba kuwonongeka. Limonene imene ili m'menemo ikakumana ndi mpweya imasintha, fungo limapita ku la penti kapena la polishi, ndipo zimene zimapangikazo zimatha kuyabwa pa khungu. Mafuta a vanila amada, kuchoka pa chikasu kupita ku bulauni. Kuda kokhako sikutanthauza kuti awonongeka, koma adzathimbiriza malaya oyera, ndiye muwachenjeze makasitomala ovala yunifomu ya chigwirizano.

Kantemba ka malata masana a Okutobala ndi uvuni. Pawindo, pamwamba pa kabati pafupi ndi denga, m'galimoto yoimikidwa pa dzuwa, monsemo mafuta amakalamba msanga. Anga ndimasunga m'katoni pansi pa bedi, pa simenti, m'mabotolo agalasi abulauni. Botolo likafika theka ndimathira m'laling'ono kuti mpweya uchepe. Zitsekerero za kampira kofinya zija ndi zoyesera basi, osati zosungira: mafuta amadya mphira, ndipo fungo limatulukira pomwepo. Mapulasitiki ena nawonso amafewa kapena kusungunuka. Za firiji, ndi mmene malaiti amathimira, imazizira n'kutentha, n'kuziziranso, ndipo tsiku lina mudzapeza margarine wa ana akununkhira oud. Pansi pa bedi pandikwanira.

"Ndagulanso dzina lomwelo, koma si omwe aja"

Tsopano tafika kwa ogulitsa. Dzina lolembedwa pa botolo si lonjezo. Shopu ikhoza kusintha kumene imaoda, lero Dubai, mawa Johannesburg, dzina n'kukhala lomwelo. Kwacha ikagwa, ena m'malo mokweza mtengo amathira DPG yambiri. DPG payokha si chinyengo, ilibe fungo ndipo mafuta ambiri amachoka nayo ku fakitale. Chinyengo n'kuithira yambiri mwakachetechete n'kumagulitsa pa mtengo wa mafuta okhathamira.

Mphuno siikumbukira bwino mphamvu ya fungo la miyezi itatu yapitayo, ndiye mkangano wa "kale anali amphamvu" simungaupambane ndi pakamwa. Chofunika ndi mboni. Pa mafuta alionse amene mwagula, patulani mamililita 2 kapena 3 m'kabotolo, lembani tsiku ndi shopu, tsekani zolimba, bisani. Mukagula ena, sungunulani akale ndi atsopano pa 10 peresenti tsiku limodzi. Kenaka pemphani munthu wina aviike mapepala atatu inu musakuona, awiri m'botolo limodzi, limodzi m'linalo, alembe zizindikiro zimene akudziwa yekha. Ntchito yanu n'kupeza losiyana. Mwa mwayi wokha mukhoza kulasa kamodzi pa katatu, choncho bwerezani kangapo, ndipo mubwerezenso pa maola 4. Mukamalasa nthawi zonse, kusiyana kulipodi. Mukamaphonya, mwina kusiyanako kunali m'mutu mwanu. Mwana wanga wamkazi amaikonda ntchito imeneyi chifukwa ndi mpata wake wondiseka.

Pali mayeso ena awiri a pakhomo, ngakhale sapereka chigamulo chomaliza. Dontho la mafuta osasungunula pa pepala loyera likasiya banga lonyezimira ngati la chitumbuwa patapita masiku awiri, fungo litatha, mwina muli mafuta a mbewu. Koma zinthu zina zolemera za pefyumu yeniyeni nazonso zimasiya banga, ndiye yerekezani ndi mboni yanu. Achiwiri: DPG imasungunuka m'madzi, pamene zambiri za fungo sizisungunuka. Thirani muyeso wofanana wa mafuta akale ndi atsopano m'timabotolo tiwiri topyapyala, onjezani madzi ofanana, khutchumulani, dikirani zipatukane. Kumene mafuta achepa kwambiri ndi kumene kunali DPG yambiri.

Ndipo za oud tisanamizane. Oud weniweni amachokera ku mitengo ya Aquilaria ya ku Asia, imene imatulutsa utomoni wakuda ikavulala n'kugwidwa ndi nkhungu, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zodula kwambiri pa ntchito yonse ya pefyumu. Amene timagula pa mtengo wa thumba la tomato ndi wopangidwa ku fakitale. Palibe cholakwika, ena mwa iwo amanunkhira bwino zedi, bola musauze kasitomala kuti ndi wa mumtengo.

"Pamene ndinadzola patuluka totupa"

Ili lokha silifuna kuyesa kawiri. Mafuta osasungunula asakhudze khungu. Osungunula ayeseni m'kati mwa chigongono chanu, malo aang'ono, mudikire masiku awiri musanapatse wina aliyense. Pakayabwa, pakafiira kapena kutupa, sambani ndi sopo ndi madzi, mafutawo muwachotse pa malonda. Ngati munthu watupa nkhope kapena akubanika, ndi za ku chipatala msanga.

Bungwe la IFRA, la makampani opanga zonunkhiritsa, limene linakhazikitsidwa mu 1973 ndipo likulu lake lili ku Geneva, limaika malire a kuchuluka kwa zinthu zina m'katundu wosiyanasiyana. Fakitale yolongosoka imapereka chikalata chosonyeza peresenti imene mafuta ake angafike pa mtundu uliwonse wa katundu, ndipo pefyumu yodzola pathupi ili m'gulu 4. Mafuta ena amaloledwa ambiri mu kandulo koma ochepa pa khungu. Funsani chikalatacho. Ogulitsa ambiri ang'onoang'ono sadzakhala nacho, koma mmene akuyankhirani mudzadziwa ngati akudziwa kumene katundu wawo amachokera. Mafuta achilengedwe nawo si ofatsa onse: a bergamot ndi a laimu ofinyidwa ku makoko amatha kuwotcha khungu likakumana ndi dzuwa n'kusiya mabanga akuda okhalitsa. Ndi dzuwa lathu lino, imeneyo si nkhani yoseweretsa.

"Ndikumva, koma ndilembe chiyani?"

Masamba oyamba a kope langa ndi omvetsa chisoni: "abwino", "abwino kwambiri", "okoma", "amphamvu". Patapita mwezi mawu amenewo sanandithandize kusiyanitsa botolo lililonse ndi linzake. Mawu a pa intaneti nawo anandisocheretsa, chifukwa amayerekeza ndi zipatso ndi maluwa amene sindinawaonepo. Zinayamba kuyenda nditayamba kulemba za kwathu. Awa akununkhira ngati nachesi ya ku Soweto Market yosendedwa m'basi. Awa ngati masuku akupsa kwambiri a mu Disembala. Awa ngati m'kati mwa sutikesi ya ambuya ku Katete. Udzu wotchetchedwa kumene, mpungabwi wofikisa m'manja, matabwa a kwa kalipentala ku Kalingalinga, shuga wopserera pansi pa poto, mvula yoyamba ya Novembala pa fumbi. Fungo lomalizali lili ndi mwini wake, geosmin, amene amapangidwa ndi tizilombo ta m'dothi, ndipo opanga pefyumu amamugwiritsa ntchito, pang'ono kwambiri, chifukwa mphuno ya munthu imamugwira ngakhale achepe bwanji. Mawu otere palibe wina angawamvetse, koma inu mukawawerenga chaka chamawa fungo lidzabwerera m'mutu.

Jean Carles, amene anayambitsa sukulu ya pefyumu ya kampani ya Roure ku Grasse, m'dziko la France, mu 1946, ankaphunzitsa ana a sukulu ake motere: poyamba kununkhiza zinthu zosiyana kutalitali, ndimu, duwa, mtengo, zokometsera, kuti mutu udziwe mabanja. Pambuyo pake ndi pamene amalowa m'banja limodzi, kusiyanitsa ndimu ndi lalanje ndi bergamot. Bamboyu kumapeto kwa moyo wake mphuno inasiya kumva, koma anapitiriza kupanga pefyumu ndi zimene anasunga m'mutu. Woyamba kumene amachita mosemphana: amagula mafuta asanu otsekemera ofanana n'kumadabwa kuti sakuwasiyanitsa. Sankhani asanu otalikirana, limodzi la zipatso za mandimu, la maluwa, la mtengo, la vanila, la musk. Sabata yonse muzinunkhiza omwewo m'mawa uliwonse, mpaka muziwatchula maina maso ali chitsinzire. Sabata yotsatira onjezani awiri.

Masiku ano ndikapita ku Kamwala kapena ku City Market ndimanyamula timapepala todula kale, pensulo, ndi maenvulopu ang'onoang'ono, lililonse la pepala limodzi kuti asapatsirane fungo. M'shopu sindigamula kanthu. Ndimapempha muyeso wochepetsetsa umene angagulitse, wa mafuta osapitirira anayi, ndipo wogulitsa akati "amayi, awa akutha lero, tengani lita", ndimamuyankha kuti ndibwera Lachisanu. Mafuta a lalanje aja sindinawataye. Ndinawayesanso bwinobwino, ndinapeza kuti pa nsalu amakhala nthawi yaitali kuposa pa khungu, ndipo fungo la sopo limene linakhumudwitsa amayi aja ndi limene anthu amalifuna pa makatani ndi pa mapilo. Ndinawasungunula pang'ono m'mabotolo opopera a m'nyumba, ndipo amayi omwewo anatenga awiri.